Mawu a Achimwene pa Msika wa Chonde

Achimwene anga ankaulutsa mawu pa wailesi ku Blantyre, kuika nyimbo ndi kupereka moni kwa anthu. Ife kuno tikuthyola tiyi tinkawanyadira, chonsecho kawailesi kathu kanali komanga ndi mphira. Atakalamba anawachotsa ntchito, n'kubwerera kumudzi akutsokomola. Bambo wina wogulitsa mankhwala a makoswe pa Chonde anawajambula mawu m'chimkuzamawu chake kuti aziitanira malonda.

Achimwenewo tinawaika m'manda chaka chatha, koma tsiku la msika amakuwabe kuti makoswe atha. Ndinakawapempha bambowo kuti afufute.

"Pepani mayi," anatero, "mawu amenewa ndi amene akundidyetsa. Ndikafufuta, muzidzakuwa ndinu?"

Ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Masiku ano ngakhale mchere ndimakagula ku Milonde, kutali konseko, ndi miyendo yanga yotupayi.