Anawavula juzi bambo anga kuti avinire alendo

"Mukandikhudzanso ndikuitanirani apolisi!" Anakuwa choncho mlonda, ine nditamugwira pakhosi. Ndinati aitane, aitanenso asilikali.

Ndiyambe bwino. Bambo anga ali ndi zaka 81. Anagwira ntchito m'migodi ku Joni, anabwerako ndi chifuwa chosatha. Mayi atamwalira tinakawasiya kunyumba ina yosungira okalamba kufupi ndi pa Boma, poti ine ndimaswera kumunda wa mpunga.

Loweruka, Juni yemweyu, ndafika pageti 8 koloko kuchokera ku Manjawira, bulangeti kukhwapa. Mlonda akuti ino ndi nyengo ya chimfine, abale sakuloledwa mpaka Ogasiti, tikuteteza agogo. Ndinamvetsa.

Ndisanatembenuke, minibasi yaima. Alendo khumi ndi awiri ochokera m'tauni, mafoni m'manja. Geti kwaa! Wina akuyetsemula osatseka n'pakamwa pomwe. Chimfine chimasankha eti? Cha ku Manjawira ndiye chakupha, cha m'tauni ndi mankhwala?

Kenako ndikumva nyimbo ya ngoma. Ndasuzumira pampanda. Madala asanu pabwalo, chisanu chikuboola mafupa. Wapakati ndi bambo anga. Chifuwa pamtunda! Awavula juzi, awamangirira chikopa m'chiuno, nthenga kumutu, chishango kumanja. Akaponda kawiri, atsokomola. Akapondanso, apindika. Alendo akujambula, akuomba m'manja.

Mutu unatentha. M'pamene ndinamugwira mlonda uja n'kumuwombetsa kuchitsulo cha geti. Ndalowa. Mpando wapulasitiki ndauponda, phwa! Tebulo la zakumwa ndaligubuduza. Sindikupepesa.

Amayi oyang'anira akuti, "Bambo, dekhani, iyi ndi pologalamu ya chikhalidwe, agogo amasangalala."

Ndati nanga inu mwavaliranji jekete ndi sikafu? Vulani tivine tonse.

Akuti ngoma savinira juzi, zithunzi sizituluka bwino. Zithunzi!

Ndawafunditsa bambo bulangeti lija. Thupi zii ngati mwala wa mumtsinje. Iwo n'kundinong'oneza, "Usapange phokoso mwanawe, anati tikavina atipatsa tiyi wamkaka."

Munthu amene anaswa miyala pansi pa nthaka, lero akuvinira kapu ya tiyi.

Ndati ndikuwatenga. Akuti sizitheka mpaka abwana asayine Lolemba. Amuna atatu anandigwira n'kundiponyera kunja ngati thumba la madeya.

Ndiyankheni, inu oyendetsa nyumbayo. Anaganiza zovula nkhalamba mu Juni ndani? Mukuwateteza kwa ndani, kwa ana awo? Inu amene muli ndi makolo kumeneko, musamamvere zonena za pageti. Suzumirani pampanda.

M'mawa mwake 6 koloko ndinabwera ndi galimoto ya alamu anga, ndi nyundo. Loko wa pageti ndinamenya kawiri basi. Mlonda anangopatuka. Bambo ndinawapeza thupi lili moto, akupuma movutikira. Ndinawabereka kumsana, ulendo wakuchipatala. Adokotala akuti ndi chibayo.

Abwana anuwo akasayine Lolemba. Akasayinire bedi lopanda munthu.