Fomu ya NyaKaonga

Tsiku limenelo kunali mphepo youma ya mu Ogasiti. Malata a shedi yathu ku Karonga ankalira, ndipo panja anthu ankasefa dothi, masefa akungoti wayawaya. Mpaka lero ndikamva wina akusefa mchenga, ndimaima kaye.

Ntchito ya ku shediko, yoyamba kulembedwa m'moyo wanga, ndinaipeza kudzera mwa mkazi wanga, NyaKaonga. Iye anali atagwira ntchito zaka zambiri ndi akatswiri ofukula zakale. Ankatsuka mafupa a nyama ndi mswachi, kuwayanika pa thireyi, kuwasankha, n'kuwaika m'timatumba tolembedwa manambala. Ankatha kugwira kachidutswa ka chibwano n'kunena kuti ndi ka mbawala, osati ka mbuzi. Ine ndinali mlimi wa mpunga ku Wovwe, koma Chingerezi ndinkachidziwa. Pamene akatswiriwo ankafuna munthu woyenda ndi mafomu a kalembera wa anthu ofufuza mafupa a nyama, iye ndiye ananditchula.

Fomu inkafunsa zaka, ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, dziko lake, maphunziro, ndi nthawi imene wakhala pa ntchitoyi. Ndinayamba ndi alendo ndi ophunzira a kuyunivesite. Kenako ndinapita ku Mwenilondo kwa anzake a mkazi wanga osankha mafupa. Iye ndinamufunsa pomaliza, atagona pamphasa, chifukwa anali atayamba kale kudwala.

"Pa maphunziro mulembe Sitandade 6, Awiske Tiwonge, musawonjezere," anatero, akundiitana mwa kwathu ngati bambo ake a Tiwonge, mwana wathu. "Zaka zokha mukhoza kundichotserako." Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasaina yekha, pang'onopang'ono.

Pa tsiku la mphepo lija ndinapereka mafomu kwa bwana wathu, a Dokotala ochokera ku Zomba. Anawagawa milu iwiri. Fomu ya mkazi wanga inagwera pa mulu wa kumanzere.

"Awa ndi othandizira chabe, a Mwafulirwa. Kalemberayu ndi wa akatswiri."

"Nanga a Dokotala, fupa likakuvutani mumaitana ndani?"

Anayang'ana pa tebulo. "Malamulowa sindinalembe ine."

Anandipempha kuti ndimange muluwo ndi chingwe, ndiuike m'katoni. Ndinaumanga ndi manja angawa.

Nditafika kunyumba, mkazi wanga anandifunsa ndisanavule nsapato: "Andiwerenga?" Ndinati eya. Anatseka maso, nkhope ili mbee. Anamwalira mvula isanathe, akukhulupirira zimenezo.

Timatumba take tikadali m'nkhokwe ya mafupa, ndipo ophunzira amakopera zolemba zake osadziwa kuti dzanjalo ndi la yani. Ndinalowamo kamodzi, sindinabwererenso. Masiku ano ndimasunga kaundula wa mpingo wathu, ndipo sindifufuta dzina la munthu chifukwa choti wina wandiuza. Ndimayamba ndapita kukamuona mwini wake.

A Dokotala anabwera pa maliro ndi ophunzira awo, naima kumbuyo. Zinanditengera zaka kuti ndiwapatse moni ndi mtima wonse. Za bodza langa ndikukambiranabe ndi Mulungu. Koma iwo ndinawakhululukira.