Msana wa Esitere ukudikira malume ali ku Joni

Atibweza, amayi anzanga! Mwana wanga Esitere tabwera naye pamachila omwe tinapita nawo.

Esitere mukumudziwa, namwali uja ankatola thonje kuposa amuna kuno ku Golomoti. Msana unayamba ngati masewera. Tinatemera mphini, osathandiza. Kenako fupa linatumphuka pamwamba pa chiuno, ngati chibakera. Miyendo n'kuyamba dzanzi. Ndinamutsina chala chakuphazi, iye osamva kanthu, kumangondiyang'ana.

Lachiwiri m'mawa tinamunyamula kupita kuchipatala china, dzina sinditchula, titamva kuti kwabwera dokotala wa mafupa. Tinalowa dzuwa litapendeka. Dokotala anamugogoda mawondo ndi kanyundo, n'kulankhula Chizungu chambirimbiri. Ine sukulu ndinalekera panjira, Chizungu changa ndi cha moni basi, kulemba Chichewaku ndiye ndinagwira. Wotanthauzira, bambo wa malaya oyera, anangoti, "Njira ndi ziwiri. Agone m'chikhakha miyezi yambiri, kapena akwere sitima kupita kuchipatala chachikulu akamung'ambe msana. Bambo wake asankhe."

Ndinafunsa, akamung'amba adzayendanso? Akuti, "Kodi adokotala ndinu?" Nanga m'chikhakhamo munthu amadzithandiza bwanji? Kuseka! Kuseka ine, imvi zonsezi?

Abambo ake a Esitere, chipewa m'manja, akuti: "Ine ndine mkamwini chabe. Mwini mbumba ndi alamu anga. Mwana atafera pampeni ndidzayankha chiyani?" Sanalakwe, ndi mwambo wathu. Koma mwini mbumbayo, alongo anga a Yohane, ali kumigodi ku Joni. Ngakhale bulangete lomwe anandilonjeza sindinalione, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ndinati, "Ndinabereka ndine, ndivomera ndine."

Wotanthauzira uja akuti za mpeni sakamba ndi amayi. "Wotsatira alowe!" Dokotala osamuuza n'komwe chimene tikulimbirana. Madzulo anakwera galimoto, fumbi koboo. Adzabweranso liti? Akuti tizingomvetsera.

Mpeni ndikuuopa, sindinama. Ndimangoganiza mwana wanga atamugoneka chafufumimba, anthu osawadziwa atamuzungulira. Koma ndikuopa koposa kudzamuona akukwawa pabwalo pano.

Amayi anzanga, musapite kumeneko opanda mwini mbumba, mudzalira ngati ine.

Ndipo inu bambo wa malaya oyera, ndiyankheni. Lachiwiri dzanzi linali kuphazi. Lero lafika m'mawondo. Kodi nalonso mwaliuza kuti lidikire a Yohane?