Mayi Dettmer Asaka Mkamwini

Amuna awo atamwalira, Mayi Walburga Dettmer anatsala ndi butchala, mwana mmodzi wamkazi dzina lake Liesbeth, ndi tebulo lalitali lopanda odyerapo. Zinali zaka zija njanji isanafike m'tauni yathu, pamene ophunzira osauka a pa yunivesite ankadyera m'makomo mwa anthu akufuna kwabwino. Mayiwo anadzipereka kuti azidyetsa anyamata angapo nkhomaliro yaulere tsiku ndi tsiku.

Anthu anawatama kuti ndi achifundo, ndipo chifundocho chinalipodi. Koma msewu wonse unkadziwanso kuti mayiwo akusaka mkamwini, ndipo osati mkamwini wamba, koma m'busa.

Wogawa ophunzira m'makomomo anali Pulofesa Quehl, mphunzitsi wa Chiheberi, mbeta yamphongo yowonda ngati bango, amene ankadya buledi wouma maso ali pabuku. Iwo za mkamwini sankazidziwa. Anatumiza ophunzira udokotala.

"A Pulofesa," anatero Mayi Dettmer atawalondola ku ofesi, "ine ndinapempha ana a Mulungu. Inu mwanditumizira anthu okamba za matumbo a maliro ine ndikupakula soseji!"

"Nawonso ndi ana a Mulungu, mayi."

"Ana a Mulungu, inde, koma osasamba m'manja."

Chaka chotsatira kunabwera ophunzira ubusa. Mayi anawanenepetsa ndi nyama ya nkhumba, kabichi ndi mbatatesi, Liesbeth n'kumamukhazika pakati pawo atavala diresi la kutchalitchi. Anyamatawo ankapemphera motalika, n'kudya mofulumira. Wina atamaliza maphunziro anaulula kuti ali ndi chitomero kwawo. Wina anakakwatira mwana wa bishopu. Winanso ankamuopa Liesbeth moti akamupatsira mchere ankagwetsa supuni.

Kenaka pa msonkhano wa aphunzitsi panabuka dandaulo lakuti ophunzira odyera kwa Dettmer akumagona m'kalasi masana onse, ena mpaka kuliza mkonono. Akuluakulu anatuma Pulofesa Quehl kuti akafufuze. Anafika nkhope ili gwaa.

"Khalani pansi," anatero mayiwo. "Mlandu sazenga ndi njala."

"Sindinabwerere chakudya, mayi."

"Nanga mukaweruza bwanji msuzi woti simunaulawe?"

Pulofesa analawa. Analawanso. Masana amenewo ophunzira awo anadikira mpaka kutopa, eniake ali m'tulo pampando wa malemu Dettmer, chopukutira pakamwa chidakali m'khosi. M'mawa mwake anabweranso, ati kafukufuku sanathe. Chisanu chinatha, mitengo n'kuphukira, kafukufuku osatha.

Liesbeth ndiye anaona zimene amayi ake sankaziona. Iye anali atagwirizana kale mwakachetechete ndi Jost Ahlers, mmisiri wa migolo wa tsidya la msewu, ndipo anasankha kuulula zonse ziwiri pakamodzi, akusenda mbatatesi.

"Amayi, ine ndikukwatiwa ndi Jost. Msampha munatchera uja wakola, koma nyamayo ndi yanu."

"Iwe, pakamwa! Munthu wamkulu uja amangobwerera msuzi."

"Nanga maluwa adzulo aja anabweretsera msuziwo?"

Mayi anakwiya masiku angapo, akudandaula kuti zidzukulu zawo zidzabadwira mumgolo. Kenaka analola, poti Jost anali munthu wabwino ndipo ankadya mwaulemu. Chaka chisanathe iwonso anakwatiwa ndi Pulofesa, amene pofunsira anayamba ndi Adamu ndi Hava, mpaka mayiwo anachita kuwadula pakamwa kuti, "Ndavomera, mphika ukupserera."

Anakhala bwino mpaka ukalamba. Buku lalikulu limene Pulofesa ankalemba silinathe, ndipo mlandu wake ankauponya kukhitchini. Pulofesa atamwalira, a yunivesite anabwera kudzapempha mabuku awo. Mayi Walburga anayamba apita kukaona nyumba yowerengeramo mabukuyo, n'kupeza ana akuwerenga atavala magolovesi, milomo itauma ndi chisanu.

"Mabuku mutenga," anawauza akuluakuluwo, "koma muyambe mwaika mbaula yaikulu ya nkhuni yotenthetsera chipinda. Amuna anga sanasonkhanitse zonsezi kuti ana a eni azifera pamenepo."

Akuluakulu anakambirana nkhaniyo pamisonkhano yambirimbiri, mbaula n'kuikidwa. Inkafuka utsi, n'kumang'ung'udza tsiku lonse, koma inkatenthetsa chipinda mpaka kumakona. Ophunzira anaitcha Walburga. Mayiwo atamva, anatenga ndodo yawo kukaiona. Anaizungulira, n'kuigwira m'mbali ndi chikhato, kenaka anatembenukira woyang'anira mabuku.

"Bambo, mnzangayu mukumumana. Onjezani nkhuni."