Injini ya Ndege ndi Makutu a Mwana Wanga

Amene anayamba kundiuza anali mpongozi wanga. Linali Loweruka masana, ine ndili pantchito ku Croydon, kunyumba yosamalirako okalamba, ndikudyetsa phala gogo wina amene safuna supuni ya munthu wina koma yanga. Anandiitana kuti pakhomo pali mlendo. Nditatuluka ndinapeza mpongozi wanga ataima ndi yunifolomu yake ya unesi, atakumbatira chikwama pachifuwa. Iyeyu kwawo ndi ku Lusaka, ndipo kuntchito kwanga anali asanafikeko chikwatiwire.

"Amayi, musayope, ali moyo," anatero. "Koma samvela. Ba dokotala bakamba ati makutu yonse yabili yaonongeka."

Ndinafunsa kuti wagundidwa ndi chiyani. Anapukusa mutu. "Sanagundiwe. Ni ija injini."

Injini imeneyo ndinkaidziwa. Ndinali nditaithokozerapo Mulungu pamaso pa mpingo wonse.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Ndinabwera naye kuno ku London ali ndi zaka zisanu, kutsatira bambo ake, amene anatisiya mwanayo asanamalize sukulu. Anakulira m'fulati yathu ku Thamesmead. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Chingerezi changa ndi cha ntchito: kudzutsa munthu, kumusambitsa, kumufunsa ngati wamwa mankhwala. Kunyumba ndinkalankhula Chichewa, iye nkumayankha Chingerezi, ndipo amayi a kutchalitchi ankatiseka kuti nyumba yathu ili ndi mawayilesi awiri. Koma tinkamvana bwinobwino. Ndikamukalipira ankamva, ndikamunyengerera ankamva, ngakhale miyambi ankaimva. Chichewa chake chonse chinali m'makutu. Sanachilembepo, sanachiwerengepo, ndipo pakamwa pake pankangotuluka "zikomo" ndi "ndakhuta" basi.

Atamaliza sukulu ndinali ndi mantha, chifukwa anzake ena amene ankasewera nawo mpira anali atayamba kudziwana ndi apolisi. Ndiye Mulungu anatsegula khomo, kapena ine ndinkaona choncho. Mzungu wina wachikulire amene ali ndi galaja kufupi ndi mtsinje anamutenga kuti amuphunzitse umakaniko. Mkati mwa sabata ankakonza mavani a anthu. Kumapeto kwa sabata ankagwira za galimoto ya mkuluyo, ngati tingaitche galimoto. Ndi yaitali, yopyapyala ngati pensulo, mpando ndi umodzi, ndipo kumbuyo kwake anamangirirako injini ya ndege ya asilikali. Mwana wanga anandifotokozera kuti ndege za nkhondo zikakalamba amazipumitsa, injini zake nkumagulitsidwa. Ena amaziika m'nyumba zoonetsera zinthu zakale, ena ngati abwana akewo amaziika pa matayala. Galimotoyo sipita kumsika, sikhota pakona. Imangothamanga mowongoka pabwalo lakale la ndege kunja kwa London, ikulavula moto, ndipo munthu usanamalize kunena Ameni yafika kale, akuiimitsa ndi parachuti, chinsalu chotambasuka kumbuyo kwake.

"Ndiye ikafika kumeneko imakatenga chiyani?" ndinamufunsa. Anaseka mpaka misozi.

Ndinakazinga mandasi, ndinakwera basi, ndinakafika kugalajako kukathokoza. Ndinapinda mawondo pamaso pa mkuluyo mpaka anachita manyazi. Iye mwachimwemwe anavundukula nsalu nkundionetsa injini ija, yonyezimira ngati ziwiya za mgonero. Anandionetsanso buku lake. Inde, injini ili ndi buku lakelake. Ola lililonse limene yalira, kuyambira masiku amene inali kwa asilikali, linalembedwa mmenemo, ndi dzanja la munthu aliyense amene anaikhudza. Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi kwathu ku Peckham nkupereka umboni kuti mwana wanga wapulumuka ku misewu. Anthu anaomba m'manja. Mwanayo anagwira kugalajako zaka zambiri, anakwatira, anabereka mwana wamkazi.

Tsopano ndinene chinthu chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Pali khalidwe limodzi limene mwanayu ndinamuphunzitsa ndi dzanja. Ana a kuno amayenda ndi timawaya m'makutu. Wamkulu akulankhula, mwana ali chilili, nyimbo zikulira m'mutu. Ine zimenezo ndinazikana. Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, abusa anamupatsa moni pakhomo la tchalitchi, iye nkuyankha timawaya tili m'makutu. Ndinatizula pomwepo, mbama nkutsatira, anthu akuona. Ndinati, "Wamkulu akamakulankhula, makutu azikhala poyera." Sanabwerezenso. Ngakhale atamera ndevu, munthu wa imvi akangomuyandikira kuti alankhule, dzanja linkapita lokha kukhutu, mutu nkuwerama. Anthu ankanditamanda nazo. Amayi anzanga ankaloza mwana wanga pokalipira ana awo.

Kuchipatala ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, m'makutu muli thonje. Analibe bala lina lililonse, ndipo mtima wanga unayamba kuthokoza. Ndinamugwira dzanja nkuti, "Mwanawe, wadya?" Anayang'ana pakamwa panga. Kenako anayang'ana mkazi wake. Mpongozi wanga analemba m'Chingerezi pafoni nkumuonetsa, iye nkuyankha m'Chingerezi chakecho kuti wadya, koma mokweza kwambiri moti odwala onse anatembenuka. Sankadzimva.

Pa tsiku lachitatu kunabwera mkulu wa galaja uja atanyamula mphesa. Maso ake anali ofiira, zimenezo sindingamunamizire. Anandifotokozera pang'onopang'ono, mpongozi wanga akundithandiza pamene ndaphonya. Anati mpikisano usanayambe galimoto ija amaiimika pamzere, woyendetsa nkumaphulitsa moto kumbuyo kuti anthu oonerera asangalale. Onse ogwira ntchito pafupi amavala zotseka m'makutu, zazikulu ngati mbale ziwiri. Tsiku limenelo mkuluyo anaona kanthu kena pa tayala, ndiye anapita pamene panaima mwana wanga kuti amuuze. Mwana wanga ataona kuti pakamwa pa mkuluyo pakuyenda, anakweza zotseka zija, mbali zonse ziwiri, nkuweramitsa mutu. Nthawi yomweyo woyendetsa anaphulitsa moto. Mkuluyo zake anali atavala.

"Ndinamuuza kambirimbiri kuti asamavule," anatero. "Koma mwana wanu ndi waulemu kwambiri, mayi. Munamulera bwino."

Mawu amenewo ndawalandira zaka zambiri ndikumwetulira. Tsiku limenelo anandilowa ngati khala la moto. Mpongozi wanga sankadziwa za mbama ija, mkuluyonso ayi. Ndinkadziwa ndine ndekha. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamuthokoza chifukwa cha mphesa. Pakamwa pangapa pamathokoza pokha, ngakhale mtima usanavomere.

Madokotala anati makutu ake anali atayamba kale kutha pang'onopang'ono chifukwa cha phokoso la zaka zonsezo, kuphulikako kunangomalizitsa. Anamupatsa timakina tovala m'makutu. Amamva kuti chitseko chamenyeka kapena basi ikudutsa, koma mawu a munthu amamufika ngati olankhulira pansi pa madzi. Anayamba maphunziro owerenga milomo, ndipo maphunzirowo ndi a Chingerezi. Milomo ya mkazi wake akamalankhula Chingerezi anayamba kuigwira, ya mwana wakenso. Milomo yanga ayi. Chichewa sanachionepo ndi maso, ankangochimva.

Injini ija anaimasula yonse, anaiyeza, anapeza kuti ili bwino, analemba m'buku lake. Za makutu a mwana wanga sindikudziwa ngati zinalowa m'bukumo. Patangopita masabata ochepa panali kale munthu wina woima pamalo ake, ndipo galimoto inathamanganso. Mpongozi wanga anandionetsa pafoni: khamu la anthu likukondwa, ana ali pamapewa a abambo awo, atavala zotseka m'makutu zamitundumitundu. Mwana wanga ntchito sanamuchotse, akukonzabe mavani, ndipo anthu amati ndithokoze. Ndimathokoza. Koma ine kuntchito kwanga ndasambitsapo azibambo amene anali asilikali, ena a ndege zomwezo. Amakhala pawindo sabata yonse popanda wodzawaona. Chitsulo chimene chinagwira nawo ntchito imodzi amachipukuta Loweruka lililonse nkuchifunditsa nsalu kuti chisazizidwe. Chinapangidwira kuvulaza anthu, anachipumitsa, koma icho sichinamve kuti chapuma. Sichinapeze mdani, chinapeza mwana wanga.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mapemphero. Kale m'mawa uliwonse akupita kuntchito ankandiimbira foni, ine nkupemphera m'Chichewa, iye nkuti Ameni. Zinali zathu. Tsopano foni imalira ndi mameseji okhaokha. Ndinkafuna kumuuza chinthu chimodzi, kuti dzanja limene linavula zotseka zija linali langa. Kudzera mwa mpongozi sindikanatha. Ndi mwana wabwino, Mulungu amudalitse, koma pali mawu ena a mayi amene sadutsira pakamwa pa mpongozi. Ndinayesa meseji ya Chingerezi. Ndinakhala nayo ulendo wonse wa pa tramu, kasitima ka mumsewu, kulemba, kufufuta, mpaka panatsala mawu atatu opepesa za makutu. Ananditumizira kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Anayesa ndikungomupepesa monga aliyense.

Choncho ndinalemba kalata m'Chichewa, masamba awiri, ndi dzanja langa loipali. Ndinalembamo za pakhomo la tchalitchi, za timawaya, za mbama, za mmene ndinkanyadira anthu akamamuloza. Lamulungu lina titaweruka ndinapita nayo kwawo. Ndinamupatsa kukhitchini, nkumulozera mkazi wake, nkupukusa mutu kuti asamupatse.

Mpongozi wanga anaona. "Amayi, mwalemba vonineneza ka?"

"Ee," ndinatero. "Ndalemba kuti umathira mchere ngati wa boma."

"Ndiye awelenge yeka, tione ngati azafika pa mchele chaka chino." Anaseka, anatenga mwana, anatisiya awiri.

Mwana wanga anayala kalata patebulo, chala pa pepala, ngati mwana wa Sitandade 1. Anayamba kutchula mokweza, chilembo chimodzichimodzi. "Mwa. Na. Wa. Nga." Anaima. Anadzutsa mutu nkumwetulira, chifukwa mawu amenewo anawazindikira. Ine misozi inali itayamba kale. Mzere wachiwiri unamutengera nthawi yaitali moti tiyi anazizira. Mawu ena ankawagwira, ena ankawatchula mwa Chingerezi nkusochera nawo, ndipo poti sadzimva, sankadziwa pamene wasocherera. Thukuta linatuluka pamphumi. Munthu amene amamasula injini ya ndege nkuibwezeretsa osatsalako kabawuti, mizere iwiri ya mayi ake inamugonjetsa.

Ndinaiwala kuti samva. Ndinasendera pafupi, ndinaweramira kukhutu kwake kuti ndimutchulire mawu amene anamuvutawo. Ataona kuti ndikumulankhula, dzanja lake linapita lokha kukhutu, nkuzula kamakina kaja, mutu nkuwerama.

Tonse tinakayang'ana kali m'dzanja lake. Iye anaseka pang'ono, kudziseka yekha, nkukabwezera. Ine sindinaseke. Ndinagwira dzanja limenelo ndi manja anga awiri. Anapinda kalata ija kanayi nkuiika m'thumba la jekete, ndipo anati m'Chingerezi, mokweza, adzaimaliza, ndimupatse nthawi.

Papita miyezi tsopano. Kalata ikadali m'jekete, ndimaona kakona kake akamavula. Yayamba kuda ndi oyilo m'mphepete, ndiye mwina amaitulutsa kugalaja, mbali imodzi ya khoma kuli mavani, mbali inayo kuli injini ija pansi pa nsalu yake. Sindikudziwa wafika mzere uti. Za mbama zili pa tsamba lachiwiri. Akandiyang'ana ndimafufuza pankhope pake ngati wafikapo, koma amangondimwetulira nkundifunsa ndi manja ngati ndadya. Masiku ena ndimapempha Mulungu kuti afike msanga. Masiku ena ndimapempha kuti achedweko.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka zinayi. Amamva Chichewa changa chonse, nkumayankha Chingerezi, ngati bambo ake. Ndagula kope ndi pensulo, ndipo Lamulungu lililonse ndimakhala naye pansi, a, e, i, o, u. Amathawa, ndimamubweza, koma sindimumenya.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwafika kumene mwana wanga sanafike. Mukamagwada, muzitikumbukira anayife: mpongozi wanga amene tsopano ndi makutu a nyumba yonse, kamtsikanako, mwana wanga ndi kalata yake, ndi ine mayi ake amene ndikudikira kuti atembenuze tsamba.