Namzeze Wosowa pa Tsamba la a Chidindo

Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo a ku positi ofesi. M'tauni monse ankawatchula kuti a Chidindo, chifukwa zaka makumi atatu ndi ziwiri anakhala kuseri kwa zenera akumenya makalata ndi chidindo. Atapuma pa ntchito, dzanja lamanja silinamve msanga kuti ntchito yatha. Akamamvera wailesi linkagogoda tebulo lokha, mpaka akazi awo ankafunsa ngati tebulolo nalonso akulitumiza kwina.

Ntchitoyo inawasiyira msana wowawa ndi buku la masitampa. Bukulo linkayenda ndi nyengo. Dzinja likafika, mpweya ukalemera ndi chinyezi, ankalitsekera m'chitini pamodzi ndi makala awiri kuti nkhungu isalowe. Mvula ikakata, mphepo yozizira ikayamba kuyoyola masamba, ankaviika maenvulopu akale m'mbale ya madzi ofunda, n'kudikira kuti masitampa amatuke okha, kenako n'kuwayanika pa nyuzipepala. Sitampa sankaigwira ndi zala. Anali ndi kachopanira kachitsulo kamene kankakhala m'thumba la malaya, pomwe anzawo amaika cholembera.

Tsamba lapakati linali la mbalame. Kalekale, iwo asanayambe n'komwe ntchito, kunatuluka masitampa khumi ndi awiri a mbalame zosiyanasiyana. A Chidindo anapeza njiwa, kakowa, nkhwali, kadzidzi ndi zinzake mpaka kukwana khumi ndi imodzi. Namzeze yekha ndiye anawakana. Pamalo pake panali kabokosi kopanda kanthu kojambula ndi pensulo, ndipo anamusakasaka zaka zoposa makumi awiri.

Amene ankaudziwa bwino ululu umenewu anali mnzawo wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, yemwe anthu ankangomuti a Mawotchi. Nawonso ankatola zakale: ndalama zachitsulo zimene zinasiya kugwira ntchito, mabaji, ndi masitampa pang'ono. Loweruka lililonse masana ankabwera kunyumba kwa a Chidindo, n'kukhala pa tebulo la pafupi ndi zenera. Akafika pa tsamba la mbalame, a Mawotchi ankaloza kabokosi kaja n'kufunsa ngati mlendoyo sanaterebe. A Chidindo ankabweza kuti atera tsiku limene wotchi yokonzedwa ndi a Mawotchi idzasiye kuthamanga ngati ikuthawa mwini wake. Ankaseka, tiyi n'kumazizira.

Panalinso chinthu china chimene sichinkakhala m'buku. Chaka chawo chachitatu pa ntchito, a Chidindo anaona pa pepala la masitampa atsopano kuti sitima ya pamtunda inasindikizidwa chozondoka pa sitampa imodzi, mawilo kumwamba, utsi pansi. Anaigula ndi ndalama yawo, n'kuibisa m'kabati pansi pa mapepala a ukwati. Akazi awo ankaidziwa. Munthu wina yekha amene anaiona anali a Mawotchi, tsiku limene a Chidindo anapuma pa ntchito. A Mawotchi anaiyang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi kawo ka padiso, n'kuibweza.

Foni yaikulu anawagulira ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa kuchipatala. Anawaonetsa msika wa pa intaneti kumene anthu amagulitsa zinthu zakale, kuyambira mafiriji mpaka mabatani. Anawachenjeza kuti kumeneko kuli afisi ovala zikopa za nkhosa, ndipo asatumize kanthu asanaone chenicheni. Anawaphunzitsanso njira ya otola zakale pamsikapo: wogulitsa ajambule katunduyo pambali pa kapepala kolemba pamanja tsiku ndi dzina la wogula. A Chidindo analemba ndi chala chimodzi kuti akufuna namzeze, n'kuyamba kudikira.

Yankho linabwera m'chilimwe, fumbi litafiiritsa makatani, mitengo ikuphuka masamba atsopano mvula isanagwe. Linachokera kwa mayi wamasiye wa m'tauni ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anati akuyeretsa m'nyumba ndipo wapeza buku la malemu amuna ake. Anatumiza chithunzi. A Chidindo anachikulitsa ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira mwana wawo, n'kuwerenga mano a m'mphepete mwa sitampayo. Anali okwanira. Mtundu wa mapiko unali womwewo.

Anapempha kapepala kolemba pamanja, ndipo kanabwera tsiku lomwelo. Apa ndi pamene a Chidindo anadzigwetsa okha m'mbuna. Zaka zonse zija anaziwerenga zolemba za anthu pa maenvulopu, ndipo ankadzitama kuti amasiyanitsa kalata ya maliro ndi ya chibwenzi asanaitsegule. Zilembo za pa kapepalako zinali zowongoka, zozungulira bwino, za munthu amene anaphunzira kulemba aphunzitsi atamuimirira ndi rula. Linali dzanja la mayi wachikulire, losathamanga.

"Pakamwa pamanama, koma dzanja silinama," anauza akazi awo.

Mayiyo sankafuna ndalama. Anati amuna ake anamwalira akusaka chinthu chimodzi chokha, sitampa ya sitima yozondoka, ndipo iye akufuna kudzaza malowo kuti bukulo alisiyire adzukulu lili lathunthu. Ngati a Chidindo akudziwa munthu amene ali nayo, asinthana.

Akazi awo anasiya kusita n'kufunsa kuti mayi wa kutaliyo wadziwa bwanji zimene zili m'kabati mwawo. A Chidindo anati sanadziwe, wangofunsa, ndipo mwayi ukamabwera sugogoda kawiri. Komabe anadikira Loweruka kuti amve maganizo a mnzawo. A Mawotchi anakanda chibwano, n'kunena kuti sitima yobisidwa pansi pa mapepala siidzaza tsamba. Anawakumbutsanso mwambo wa otola zakale, woti wopempha ndiye amayamba kutumiza, ndipo amene anayamba kupempha namzeze anali a Chidindo. Za chenjezo la mwana wawo, a Mawotchi anati ana a masiku ano amakayikira ndi chithunzithunzi chawo chomwe.

Lolemba a Chidindo anaika sitimayo pakati pa timakatoni tiwiri, n'kuitumiza ku adiresi ya sitolo ina ya m'tauni yakutaliyo, monga mayiyo ananenera.

Anadikira masiku asanu ndi anayi. Kumwamba kunayamba kuunjikana mitambo, nyerere zikusamutsa mazira awo m'mbali mwa khonde. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi litadzaza m'nyumba, envulopu inafika. Anasamba m'manja, anapukuta tebulo, anaitsegula ndi mpeni. Namzeze anali momwemo.

Kachopanira ndi kamene kanayamba kudziwa. Pepala linali lolimba kwambiri, loterera. Atalitembenuza, kumbuyo kunali koyera mbee, kopanda chizindikiro cha guluu. Mano ake anali odulidwa ndi lumo, ena aakulu, ena aang'ono. Inali fotokope yamitundu. Anatsegula foni, ndipo dzina la mayi wamasiye linali litachoka pamsikapo, mauthenga onse atatsala opanda mwini.

Akazi awo anaima pakhomo la khitchini osanena kuti ndinakuuzani. A Chidindo akanakonda kuti anene.

Anakhala pamenepo mvula ikuwomba malata. Kenako dzanja linachita zimene linazolowera. Linatembenuza envulopu kuti maso aone chidindo. Mzere wozungulira wa chidindocho unali ndi mpata pansi cha kumanzere. Mpata umenewo ankaudziwa ngati chipsera cha pathupi pawo, chifukwa ndi iwo amene anagwetsa chidindocho pa simenti chaka chawo chachisanu ndi chinayi, n'kubenthuka. Kalatayo sinakwere basi. Inaponyedwa m'tauni mwawo momwemo, pa zenera lawo lakale.

M'mawa mwake anapita ku positi ofesi. Pa zenera panali mayi amene iwo anamuphunzitsa ntchito akali mtsikana, ndipo ankawatchulabe kuti aphunzitsi. Atamuonetsa envulopu anaseka. Anati anadabwa kuona akazi a a Mawotchi akugula sitampa yotumizira kalata kunyumba imene akanangoyenda wapansi, ndipo anaganiza kuti mwina ndi khadi la ukwati, akufuna lifike mwaulemu. Adiresi analembera pomwepo, mosathamanga, ndi cholembera chobwereka.

A Chidindo anathokoza n'kutuluka. Msewu unali ndi zithaphwi, ndipo anaziponda osaziona. Dzanja la mayi wachikulire analiwerenga molondola ndithu. Chimene sanafunse n'chakuti ankamuuza zolemba ndani. Atafika pa mphambano anaima, chifukwa ganizo lina linawapeza: namzeze wa m'envulopu anali wabodza, koma wa pa chithunzi choyamba chija anali weniweni. Mano ake anawawerenga okha.

Pakhonde la sitolo ya nsalu anapeza a Mawotchi ataweramira wotchi yotsegula, kagalasi kali padiso.

"Lero ndi Lachinayi, achimwene. Kalendala yanu nayonso yafuna kukonza?"

A Chidindo anaika envulopu pa galasi la tebulo, chidindo chikuyang'ana kumwamba, n'kuloza mpata uja ndi nsonga ya kachopanira. A Mawotchi anayang'ana. Anachotsa kagalasi, anakapukuta ndi malaya, anakaika pambali. M'sitolo ya nsalu wina ankang'amba nsalu, ndipo phokosolo linamveka mpaka linatha.

"Ndinamuuza kuti apatse kondakitala wa basi akaponyere kutali," anatero a Mawotchi motsitsa mawu. "Mlamu wanuyo samva."

"Sitima yanga ili kuti?"

Inali itapita kale. Mphwawo wa a Mawotchi, wa ku sitolo yakutali ija, anailandira n'kuipereka kwa wogula wina wa pamsika womwewo, munthu amene a Mawotchi sanamuonepo nkhope. Kenako mawu anayamba kutuluka ambiri. Anati masiku ano aliyense amaona nthawi pa foni, sabata imatha osabwera ndi wotchi imodzi yomwe, mwini khonde akufuna kuwachotsa kuti aikepo wogulitsa machaja. Anati sitimayo inkangogona mumdima osaonedwa ndi munthu. A Chidindo anawasiya alankhule mpaka atatopa.

"Nanga namzeze wa pa chithunzi?"

A Mawotchi anakoka kadirowa ka pansi. Kuseri kwa malamba akale kunali kachitini ka mabatire a wotchi, ndipo m'menemo, atakutidwa ndi pepala lopyapyala, munali namzeze.

"Mwakhala naye kuyambira liti?"

"Zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndiye Loweruka lililonse mumaloza kabokosi kaja, muli naye m'dirowa?"

"Inu munali ndi mbalame khumi ndi imodzi, ndi sitima pamwamba pake. Ine ndinali ndi uyu yekha." A Mawotchi anakankha kachitiniko pa galasi. "Tengani, achimwene. Ndimafuna ndimusunge, koma tengani. Basi nkhaniyi ithere pano. Mwana wanu asamve, ndi anthu a pakhonde pano asamve. Tinachokera kutali."

A Chidindo anatola sitampayo ndi kachopanira. Anapempha kagalasi ka padiso, ndipo a Mawotchi anawapatsa. Anawerenga mano mbali zonse zinayi, mmodzimmodzi, milomo ikuyenda. Anaitembenuza, anaiunika pa kuwala, anainunkhiza. Zaka zonse zimene anasinthana zinthu, chochokera m'manja mwa mnzawoyo sanachiyesepo chotero. A Mawotchi anayang'ana kumsewu mpaka kuyesako kutatha.

"Ndi weniweni," anatero a Chidindo. "Ndamutenga chifukwa ndinatumiza kale zanga. Pakamwa panga simunagule."

Kunyumba anatsegula tsamba lapakati n'kumuika m'kabokosi kake. Anakwana ndendende. Akazi awo anaweramira n'kunena kuti ndi kambalame kokongola, kakang'ono kuposa mmene ankaganizira. A Chidindo anayang'ana tsamba lodzazalo n'kudikira chimwemwe chimene anachisungira malo zaka makumi awiri, koma sichinabwere. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, anaimbira mwana wawo n'kumufotokozera zonse, osabisa ndi uchitsiru wawo womwe. Anamupempha kuti awathandize kulemba chenjezo pamsika uja, loti kapepala kolemba pamanja kamangosonyeza kuti chinthucho chilipo, sikasonyeza kuti chidzatumizidwa. Mwanayo anafunsa ngati alembepo dzina. Iwo anati ayi, a m'tauni muno amva okha.

Loweruka kunacha ndi mvula yamawawa, yosalekeza. Masana munthu anagogoda pachitseko, pang'onopang'ono, ngati wosafuna kumveka. Akazi awo anasuzumira pa katani, n'kutembenuka kuwayang'ana. Anati ndi a Mawotchi, anyowa, ndipo anyamula kaphukusi m'manja.

A Chidindo sanadzuke pampando.

"Muwauze kuti muno mulibenso choti atenge."