Sitovu ya a Shefu

Zaka makumi atatu ndi zinayi a Shefu anazithera m'khitchini ya hotela ya pafupi ndi depoti ya mabasi. Analowamo ngati wosenda anyezi, anatulukamo imvi zili mbuu, aliyense akuwatchula dzina la ntchito yawo. Mpunga wawo unali ndi mbiri: woyoyoka, njere iliyonse payokha. Ankadziwa ndi mphuno kuti wapsa, asanavundukule n'komwe.

Mayi a kunyumba atamwalira, a Shefu anatsala okha m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya telala. Tsiku lina masana anateleka nyemba, n'kukhala pampando kumvera wailesi, tulo n'kuwaba. Anadzidzimuka telala akumenya chitseko, utsi uli tolotolo, katani ya pawindo itayamba kunyeka.

M'mawa mwake kunabwera mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, pamodzi ndi mwamuna wake. Mkamwiniyo sanakhale n'komwe pansi. Anamasula sitovu ya gasi, n'kutsika nayo masitepe ngati yake. Pamalo pake namwino anaikapo poto wamagetsi wonenepa, wa chivundikiro chagalasi.

"Ababa, uyu amaphika pang'onopang'ono. Ngakhale mugone, sangayatse nyumba."

"Ndiye mwandilanda moto? Ine? Iwe sukulu yako yonse inatuluka pamoto, lero moto womwewo ukundibisira ngati khanda?"

"Mukanafa dzulo, Ababa."

"Katani imodzi! Zaka zonsezi katani imodzi yokha!"

Namwino anangonyamula chikwama, nthawi ya ntchito inali itakwana.

Masiku atatu a Shefu anadya buledi ndi tiyi wa kwa telala, potoyo osamuyang'ana. Anamupatsa dzina loti Kamba. Tsiku lachinayi njala inawagonjetsa. Anathira mpunga ndi madzi monga ankachitira kale, n'kuyatsa. Ola linatha, zii. Anavundukula, madzi ali phee ngati chithaphwi. Anavundukulanso, anatakasa, anatukwana. Patatha maola anayi anapakula chinthu chonanda, pamwamba phala, m'mbali chikoko.

Anaimbira foni mwana wawo pomwepo. "Bwera udzatenge chikamba chakochi ukaphikire odwala ako opanda mano!" Anadula asanayankhidwe.

Koma chinawawawa kwambiri n'chakuti telala anaona mbaleyo, n'kufunsa mwaulemu ngati phalalo linali la shuga. Kugonjera poto, munthu wophikira maukwati a anthu mazana? Anagula mpunga wina, n'kuyamba nkhondo. Anautsuka kasanu mpaka madzi kuyera. Anapaka mafuta m'kati mwa poto. Anachepetsa madzi, ndipo ankathira owira a m'ketulo ya telala, osati ozizira. Anazindikiranso kuti kuvundukula kulikonse kumathawitsa nthunzi, choncho ankakhala pampando manja atawapanira m'khwapa, akumulalatira Kamba kudzera pagalasi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, patatha maola awiri, anapalasa ndi foloko ndipo mpunga unayoyoka.

Lamlungu anaitana mwana wawo ndi mkamwini. Namwino anadya masipuni awiri, nkhope n'kuwala.

"Mwaona, Ababa? Potoyu amaphika bwino zedi."

A Shefu anaika foloko pansi pang'onopang'ono. Anaimirira, n'kulanda mbale zonse ziwiri, ya mkamwini sipuni ili m'malere.

"Amaphika ndi poto eti? Chabwino. Mpunga uwo, madzi awo. Muuze aphike."

"Ababa, sindimatanthauza..."

"Phika!"

Namwino naye ndi wa magazi omwewo. Anakwinya milomo, anathira mpunga wosatsuka ndi madzi a pampopi, n'kuyatsa. Ndiye poti Kamba safulumira, anakhala atatuwo moyang'anizana, pothawira palibe. Mkamwini anayesa kukamba za mpira, palibe anamuyankha.

"Mayi anapita chaka chatha," anatero namwino mapeto ake. "Mukufuna inunso mupite, mupsere m'nyumba ndikakuzindikireni ndi mano okha? Anthu opsa ndimawasambitsa ine, Ababa. Ndimadziwa fungo lake."

"Nanga pakamwa unalibe? Ukanandiuza zimenezo, n'kundifunsa. Osati kunditumira mwamuna wako kudzazula sitovu ine ndili chiimire m'nyumba mwanga, telala akuonerera. Wakuba amayamba wadikira kuti mwini wake achoke!"

Mkamwini anayang'ana nsapato zake.

"Pamenepo tinalakwa," anatero namwino. "Pepani. Koma sitovu sibwera."

Mpunga wake unatuluka nanzinanzi ngati guluu. A Shefu anawapakulira mbale zodzaza, n'kuimirira pambali mpaka anamaliza.

Sitovuyo sinabwereredi, ndipo a Shefu sanakhululuke kwenikweni. Chimene anagwirizana n'chakuti Loweruka lililonse mkamwini aziwatenga pagalimoto kukaphika kunyumba kwa mwana wawo, pamoto weniweni, wina ali pafupi. Loweruka loyamba anapeza sitovu yawo ili m'khonde, mkaka utaumirapo, mafuta ali noninoni. Anakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Mkamwini, munthu wa tayi ku ofesi kwake, anagwada n'kukwecha sitovuyo ndi sitiliwulo ola lathunthu, apongozi ake ataima pamsana pake akuloza ndi chala pamene wadumpha.